Maria Sibylla Merian, mai amene anaweta mbozi

Usiku tikayatsa nyali, akadziotce ndi agulugufe ena a usiku amabwera kudzazungulira moto. Kodi amacokera kuti? Kale anthu ambiri ku Europa ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa tokha kucokera m'matope ndi m'zinthu zoola. Mmodzi mwa anthu amene anathandiza kuonetsa zoona anali mai wina dzina lace Maria Sibylla Merian.

Maria anabadwa pa 2 Abril 1647 mu mzinda wa Frankfurt, ku Alemanha. Atate ace, a Matthäus Merian, anali osindikiza mabuku. Iwo anamwalira Maria ali ndi zaka zitatu. Mai ace anakwatiwanso ndi a Jacob Marrel, katswiri wojambula maluwa. Ndiwo anamphunzitsa Maria kujambula.

Ali ndi zaka 13, Maria anayamba kuweta mbozi zopanga ulusi wa silika. Ankazipatsa masamba a mabulosi ndi kuziyang'ana tsiku ndi tsiku. Anaona mbozi ikukula ndi kufundula khungu. Anaiona ikuluka cikwa ndi kudzitsekera m'kati. Patapita masiku, m'cikwamo munaturuka gulugufe wa usiku. Gulugufeyo anaikira mazira, ndipo m'maziramo munaturuka timbozi tina.

Kucokera apo Maria anayamba kutola mbozi za mitundumitundu m'minda ndi m'thengo. Iliyonse ankaitenga pamodzi ndi tsamba limene anaipezapo. Ankaisunga m'bokosi, kuijambula, ndi kulemba tsiku limene yasintha. Nchitoyi inafuna kupirira. Mbozi zina zinkafa zisanasanduke. Zikwa zina zinkakhala miyezi yambiri osatseguka. Koma iye anazindikira cinthu cacikulu: mbozi zambiri zili ndi comera cacecace, ndipo ukazipatsa tsamba lina zimakana kudya.

M'caka ca 1679 anaturutsa buku la mbozi lokhala ndi zithunzi 50. Gawo laciwiri linaturuka mu 1683. Pa zithunzizo anaika mbozi, cikwa ndi gulugufe pamodzi ndi comera cace. Masiku amenewo anthu ophunzira ankalemba m'Cilatini, koma Maria analemba m'cinenero ca kwao, Cijeremani. Motero anthu wamba anatha kuwerenga.

Mu 1691 anasamukira ku Amsterdam, ku Holanda. Kumeneko anaona agulugufe okongola ocokera ku maiko otentha, koma anali akufa, obayidwa ndi singano m'mabokosi. Palibe amene ankadziwa mbozi zao kapena cakudya cao. Maria anafuna kukaona yekha. Anagulitsa zojambula zace kuti apeze ndarama za ulendo. Mu 1699, ali ndi zaka 52, anakwera combo ndi mwana wace wamkazi Dorothea kupita ku Suriname, ku Amerika wa kumwera. Ulendowo unatenga pafupifupi miyezi iwiri pa nyanja.

Ku Suriname azungu a ku Holanda ankalima nzimbe pogwiritsa nchito akapolo ocokera ku Afirika. Akapolowo pamodzi ndi eni dziko ndiwo ankamlambulira njira m'nkhalango, kumbweretsera mbozi ndi kumuuza nchito za zomera. Popanda nzeru zao, Maria sakadadziwa zambiri. Mu 1701 anadwala kwambiri ndipo anabwerera ku Amsterdam. Mu 1705 anaturutsa buku lace lochuka la tizilombo ta ku Suriname, la zithunzi 60.

Maria anamwalira pa 13 Janeiro 1717. Patapita zaka zambiri, dziko la Alemanha linaika nkhope yace pa ndarama ya pepala ya 500 marco. Ndarama imeneyo inasiya kugwira nchito mu 2002, koma mabuku ace akuwerengedwabe.

Ana inu, njira ya Maria mungathe kuitsata kwanu komweko. Mphalabungu zimene timadya nazonso ndi ana a agulugufe a usiku. Zofunika ndi bokosi, tsamba loyenera, pensulo ndi maso openyetsetsa. Mbozi zaubweya musazigwire ndi manja, cifukwa zina zimayabwa.

Mafunso

1. Kodi anthu akale ankati tizilombo timacokera kuti?
2. N'cifukwa ciani Maria ankatenga mbozi pamodzi ndi tsamba lace?
3. Ndani anamthandiza ku Suriname?
4. Funsani makolo anu maina a mbozi zitatu za kwanu ndi mitengo imene zimadya.