Mbiri ya Hu Shih, kazembe amene anamenyera chinenero cha anthu wamba

Kalelo ku China mabuku ambiri ndi makalata a boma ankalembedwa m'Chitchaina chamakedzana chimene palibe ankachilankhula pakhomo kapena pamsika. Kuti mwana achidziwe ankayenera kuloweza mabuku akale kwa zaka zambiri, ndipo ana a alimi ambiri ankalephera. Mmodzi mwa amene anathandiza kusintha zimenezi ndi a Hu Shih.

A Hu Shih anabadwa pa 17 Disembala 1891 ku Shanghai, koma anakulira kumudzi kwa makolo awo ku Jixi, m'chigawo cha Anhui. Bambo awo anamwalira mu 1895 iwo ali ndi zaka zitatu. Mayi awo, ngakhale anali amasiye, ankalipira mphunzitsi ndalama zoposa zimene makolo ena ankapereka, kuti aziuza mwanayo tanthauzo la mawu alionse m'malo mongomuloweza.

Mu 1910 anapita ku America kukaphunzira zaulimi pa yunivesite ya Cornell, koma anazisiya n'kuyamba maphunziro a filosofi. Pambuyo pake anaphunzira ku Columbia kwa mphunzitsi wotchuka John Dewey.

Mu Januwale 1917 analemba nkhani m'magazini ya Xin Qingnian yopempha alembi kuti asiye kutsanzira anthu akale ndipo azilemba monga mmene anthu amalankhulira. Ophunzira ena achikulire anakwiya, ponena kuti chimenecho n'chinenero cha okoka ngolo ndi ogulitsa malonda m'misewu. Koma achinyamata anagwirizana nawo, ndipo mu 1920 boma linalamula kuti m'makalasi oyambirira a pulayimale ana aziphunzira m'chinenero cholankhulidwacho. Nthawiyi n'kuti a Hu Shih akuphunzitsa pa yunivesite ya Peking.

Dziko la Japan litayamba nkhondo yaikulu ndi China mu 1937, boma linawatuma kukakhala kazembe ku America kuyambira 1938 mpaka 1942. Anthu ambiri a ku America sankafuna kulowerera nkhondo ya ena. Choncho kazembeyu anayenda mizinda yambiri akulankhula m'masukulu ndi m'misonkhano, kufotokoza mavuto a anthu akwawo ndi kupempha chithandizo. America inalowa nkhondoyo mu Disembala 1941, Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor.

Mu 1946 anakhala mkulu wa yunivesite ya Peking, koma mu Disembala 1948 anachoka mumzindawo asilikali a chipani cha Komyunisiti atayandikira. Mwana wawo wamng'ono, Hu Sidu, anatsala. Mu 1950 mwanayo analemba nkhani yodzudzula bambo ake poyera, ndipo mu 1957 anadzipha atayamba kuzunzidwa pa zandale. M'zaka za 1954 ndi 1955 boma latsopanolo linachititsa kampeni yaikulu yonyoza maganizo a a Hu Shih.

Mu 1958 anayamba kutsogolera bungwe la kafukufuku la Academia Sinica ku Taiwan. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 24 Febuluwale 1962, ali pakati pa mwambo wa bungwelo, ali ndi zaka 70.

Boma limene linawanyoza silinabwezeretse kalembedwe kamakedzana. Lero nyuzipepala ndi mabuku a sukulu ku China ndi ku Taiwan komwe amalembedwa m'chinenero chimene anthu amalankhula.