William Gosset, Wofulula Mowa Amene Anaphunzitsa Anthu Kuyerekeza

Mlimi wa m'munsi mwa phiri la Bangwe akabzala mitundu iwiri ya chimanga, mtundu wina nkubereka koposa unzake, kodi tinene kuti mtunduwo ndiwo wopambana? Kapena nthaka ya mbali imeneyo inali ya chonde, kapenanso unali mwayi chabe wa chaka chimenecho. Munthu amene anatsegula njira yoyankhira funso lotere anali William Sealy Gosset.

Gosset anabadwira mu mzinda wa Canterbury ku Mangalande pa 13 June 1876. Atatsiriza maphunziro a masamu ndi sayansi ku Oxford, analembedwa ntchito m'chaka cha 1899 pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin. Kumeneko kunafunika kudziwa mtundu wa barele wopambana, koma minda yoyeserapo inali yowerengeka, pamene masamu a masiku amenewo anali kudalira zoyesa zochuluka.

Kaamba ka vutoli, mu 1906 anapita ku London kukaphunzira kwa katswiri wotchuka, Karl Pearson. Analemba pa timakadi msinkhu ndi kutalika kwa chala kwa akaidi 3,000, natisakaniza, nayamba kutola tinayitinayi, kuti aone m'mene kagulu kakang'ono kamasocheretsera munthu. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1908 m'magazini ya Biometrika. Popeza kampani sinali kulola antchito ake kulemba m'maina ao, iye anadzitcha Student, ndiye kuti wophunzira.

Njira yake, imene Ronald Fisher anaikuza ndi kuifalitsa m'buku lake la mu 1925, imayenda motere. Woyesa amayamba ndi kuganiza kuti magulu awiriwo ndi ofanana. Kenaka amawerengera kuti mwayi wokha ungabweretse kangati kusiyana kwakukulu chotero. Ngati nkosakwana kasanu pa 100, iye amataya ganizo loyamba lija. Mu 1937 Jerzy Neyman analongosola za malire awiri, apansi ndi apamwamba, osonyeza kukula kwa kusiyanako. Malirewo akatalikirana, ndiye kuti umboni ukadali wochepa.

Aphunzitsi ayenera kukumbukira nkhani ya ku Lanarkshire m'dziko la Scotland. Mu 1930 ana a sukulu 20,000 anagawidwa pawiri. Theka linali kumwa mkaka kwa miyezi inayi, theka lina ayi. Koma aphunzitsi analoledwa kusinthanitsa ana, ndipo zikuoneka kuti mwa chifundo anaika ana onyentchera ku gulu la mkaka. Mu 1931 Gosset anasonyeza kuti magulu awiriwo anali osiyana chiyambire, kotero kuti chiwerengero chachikulucho sichinathe kupereka yankho lodalirika. Masamu sangakonze chimene chinalakwika pogawa.

Mu 1935 anasamukira ku London kukayang'anira malo atsopano ofululira mowa a kampani yake, ndipo anamwalira pa 16 October 1937 ali ndi zaka 61. Njira zochokera pa ntchito yake ndi ya Fisher ndizo zimathandiza poyesa mbewu pa malo a kafukufuku monga Bvumbwe ndi Chitedze. Nayenso mphunzitsi wa ku Bangwe, kalasi lake likaposa lina pa mayeso, ayambe wafunsa kuti anawo analipo angati, ndiponso anagawidwa bwanji.