Francis wa ku Assisi: Mkhristu amene sanathawe mnzake

Francis anabadwa cha m'ma 1181 mu mzinda wa Assisi ku Italy. Bambo ake, a Pietro di Bernardone, anali olemera chifukwa cha malonda a nsalu, choncho mwanayo anakula osasowa kanthu. Ankakonda zovala zabwino ndi maphwando, ndipo ankalakalaka kutchuka pa nkhondo. Mu 1202 mzinda wa Assisi unamenyana ndi mzinda woyandikana nawo wa Perugia. Francis anagwidwa nakhala m'ndende pafupifupi chaka chathunthu, ndipo atatuluka anadwala nthawi yaitali.

Masiku amenewo odwala khate ankakhala kunja kwa mzinda ndipo anthu ankawathawa. Francis nayenso ankanyansidwa nawo kwambiri. Tsiku lina anakumana ndi wakhate panjira. M'malo mopatuka, anatsika pa hatchi yake, namupatsa ndalama ndi kumupsompsona dzanja. Pambuyo pake anayamba kupita kumene akhatewo ankakhala kukawatumikira. Atatsala pang'ono kumwalira analemba kuti kutembenuka mtima kwake kunayambira pakati pa anthu amenewa.

Kusinthaku kunamudanitsa ndi bambo ake. Francis atagulitsa nsalu za m'sitolo kuti akonzere katchalitchi kakugwa ka San Damiano, bambowo anakamusumira kwa bishopu. Pamaso pa anthu, Francis anabweza ndalama zonse pamodzi ndi zovala zimene anavala, nasankha moyo waumphawi. Amuna ena anamutsata, ndipo mu 1209 Papa Innocent III anavomereza kagulu kawo. Iwo ankadzitcha abale aang'ono, chifukwa sankafuna kukhala pamwamba pa munthu aliyense.

Mu 1219 asilikali achikhristu ochokera ku Ulaya anali atazinga mzinda wa Damietta ku Egypt, kufupi ndi pamene mtsinje wa Nile umathira m'nyanja. Iyi inali imodzi mwa nkhondo zolimbirana Dziko Loyera, ndipo Akhristu ambiri ankaona Msilamu ngati mdani basi. Francis anapita kumeneko. Iye ndi mnzake Illuminato anachoka ku msasa wa Akhristu opanda chida chilichonse, nayenda mpaka ku msasa wa Asilamu, akudziwa kuti akhoza kuphedwa. Anawatengera kwa Sultani al-Malik al-Kamil, wolamulira wa Egypt.

Francis sanabise cholinga chake: anapita kukalalikira za Khristu. Sultaniyo anamulandira mwaulemu, namumvetsera kwa masiku angapo, kenaka analamula kuti amuperekeze bwino kubwerera kwa anzake. Palibe amene anasiya chipembedzo chake, ndipo nkhondo sinathe. Komabe anthu awiri amene dziko linkayembekeza kuti adane anakhala pansi nakambirana za Mulungu.

Mu malamulo amene Francis analembera abale ake mu 1221, anafotokoza mmene ayenera kukhalira pakati pa Asilamu. Anawalangiza kuti asachite mikangano, akhale odzichepetsa kwa munthu aliyense chifukwa cha Mulungu, ndipo asabise kuti ndi Akhristu. Kulalikira kunayenera kubwera pamene aona kuti Mulungu akufuna kutero.

Francis anamwalira pa 3 Okutobala 1226. Patapita zaka 760, pa 27 Okutobala 1986, Papa John Paul II anasonkhanitsa atsogoleri a zipembedzo zosiyanasiyana ku Assisi kuti apempherere mtendere.

Abwenzi okondedwa, Francis sanachepetse chikhulupiriro chake kuti akonde wakhate kapena Sultani. Chikhulupirirocho n'chimene chinamutuma kwa iwo, pakuti Yesu anakhudza akhate ndipo analamula kukonda adani. Ifenso Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti anthu onse ndi banja limodzi, ndi kuti kusiyana kwa chipembedzo kusatilepheretse kuyanjana ndi anzathu. Chiphunzitso chotere chimaoneka pamene munthu wanyamuka n'kupita kwa amene ankamupewa.

Mafunso okambirana

1. Kodi Francis anataya chiyani posankha kukonda anthu amene ena ankawathawa?
2. Kodi ulendo wa ku Damietta unalephera, popeza palibe amene anasintha chipembedzo?
3. M'mudzi mwathu kapena m'dera lathu, ndani amene anthu amamupewa, ndipo tingamuchezere liti?