Lord Harlech ndi Cikopa ca Mitanda

Abale a m'midzi, mwezi uno tikuuzani za munthu amene ambiri a ife sitinamve dzina lace, ngakhale dzanja lace linakhudza dziko lathu. Ndiye William Ormsby-Gore, wobadwa caka ca 1885 m'banja la akuru a ku Wales, dziko la mapiri la kumadzulo kwa England.

Kumeneko mabanja omveka ali ndi cizindikiro cao colembedwa pa cikopa, cimene mwana acilandira kwa atate wace, monga ife tidziwana ndi ciwongo. Cikopa ca banja ili ncofiira, cogawika panai, ndipo pagawo liri lonse pali mitanda ya golidi. Pansi pace pali mau a Cilatini onena za kulakika ndi cizindikiro ca mtanda.

Caka ca 1910 anthu a ku Denbigh anamsankha akawanenere ku nyumba ya malamulo ku London. Mu 1924 anatsogolera akuru amene anatumidwa kudzaona maiko a kuno, nafika ku Nyasaland. Mu 1936 anakhala nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Angelezi.

Masiku amenewo Azungu a ku Rhodesia anali kuumiriza kuti maiko a kuno aphatikizidwe pansi pa boma limodzi. Makolo athu anadziwa kuwawa kwace, pakuti amuna a kuno ku Neno ndi madera ena anali kupita ku Salisbury kukagwira nchito, naona citupa, naonanso eni dziko atacotsedwa pa nthaka yabwino. Ndunayo sinavomere msanga, koma inatuma Lord Bledisloe ndi anzace kudzafunsa. Mu 1938 mafumu, aphunzitsi ndi akuru a mipingo anaima pamaso pao nakana kolimba. Ndipo kalata wa akuruwo wa 1939 ananena kuti nthawi yophatikiza maikowa siinafike.

Caka comweco ca 1938 atate wace anamwalira, iye nalowa dzina la Lord Harlech, nasiya undunawo. Kuyambira 1941 kufikira 1944 anaimira boma la Angelezi ku South Africa. Anamwalira mu February 1964, itatsala miyezi isanu kuti Malawi alandire ufulu.

Sitinena kuti iye anatiombola, iai. Pakuti citaganya cinadzabe mu 1953, anthu osacifuna, nicitha mu 1963. Koma timkumbukira cifukwa anafunsa, ndipo makolo athu atafunsidwa sanaope kuyankha. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo amene anadza pambuyo pace osamvera analidyadi.

Mitanda ya pa cikopa anailandira kwa makolo, osaigwirira nchito. Koma kumva anthu asanaweruze inali nchito ya iye mwini. Inu anyakwawa ndi akuru a mpingo, pokamba mlandu wa munda wa mkazi wamasiye, kodi muyamba mwamfunsa mwini wace?