Lewanika, Mfumu ya Dziko la Madzi

Kumadzulo kwa dziko la Zambia, kumene mtsinje wa Zambezi uyenda m'cigwa cacikuru copanda mapiri, kukhala mtundu wa Alozi. Caka ndi caka mtsinjewo usefukira, numiza cigwa conse kufikira cioneka ngati nyanja. Kwa anthu a kum'mawa madzi olowa m'munda ndiwo tsoka. Koma Alozi ayembekeza cigumula monga mlendo wodziwika nyengo yace. Amanga midzi yao pa zitunda, zina zounjikidwa ndi manja a makolo. Madzi akaphwa asiya matope a conde mobzalamo mbeu, msipu wa ng'ombe uphuka, ndi nsomba zikodwa m'miono.

M'dziko limeneli munabadwa Lubosi, mdzukulu wa mfumu Mulambwa, ca m'ma 1842, Akololo alikulamulira Alozi. Analowa ufumu m'caka ca 1878. Mu 1884 nduna yace Mataa inamuukira nimpitikitsa, koma iye anabwera ndi nkhondo caka cotsatira, nalanda mpando wace, nalipsira adani ace mwankhanza. Kuyambira pamenepo anachedwa Lewanika, ndiko kunena wogwirizanitsa.

Ngakhale anali mfumu yoopsa yotere, madzi anawagonjera monga anacitira makolo ace. Cigumula cikafika pa mudzi wace wa Lealui, ng'oma zazikuru za maoma zinalira usiku kuitana opalasa. Ndipo mfumu inalowa m'bwato lacifumu, Nalikwanda, nisamukira kumtunda, anthu natsata m'mabwato ao ndi ana ndi katundu. Mwambo umenewu ndiwo Kuomboka, kutanthauza kuturuka m'madzi. Panalibe wakuyesa ulendowo kuthawa kapena manyazi. Madzi akatsika, onse anabwerera kwao.

M'masiku omwewo anafika François Coillard, mmishoni wa ku France, namanga pa Sefula, m'mphepete mwa cigwa. Iye anacokera kwa anthu ozolowera kuongola mitsinje ndi kuumitsa madambo, ndipo ulendo wobvuta wa kumtsinje unamsautsa. Cifukwa cace anakumbitsa ngalande yocokera ku Sefula kunka ku Zambezi. Lewanika, munthu wa maso akuthwa, anaona ubwino wa nchitoyo naicita koposa mlendo. Anasonkhanitsa anthu zikwi, nakumbitsa ngalande zazitali, imodzi ndiyo Mwayowamo, zoti mabwato aziyendamo m'cilimwe, ndi zina zotsanula madzi m'nthaka yakuda ya m'mbali mwa cigwa. Malo amene kale munali zithaphwi anasanduka minda, cakudya nicicuruka.

Koma taonani nzeru yace: ngalandezo sizinatseke njira ya cigumula. Zinangolondolera madzi, nyengo ikakwana mtsinje unadzaza cigwa monga kale, ndi mfumu yomwe inakumbayo inakwera m'bwato nicoka.

Nchito yaikuruyo inali ndi mbali yace yowawa, imene siyenera kubisika. Okumba ambiri anali akapolo, ena ogwidwa pa nkhondo kwa Aila ndi Atonga, ndi anthu wamba okakamizidwa kutumikira mfumu popanda malipiro. Ndiponso ngalande isiyana ndi mtsinje, pakuti mtsinje udzisesera wokha njira, koma ngalande ifuna khasu caka ndi caka. Pamene Lewanika analengeza kumasulidwa kwa akapolo mu 1906, ndipo pambuyo pace anyamata anayamba kumuka kunchito zakutali kukafuna ndalama za msonkho, osesa anasowa. Ngalande zambiri zinadzala mcenga ndi udzu, ndi minda ina inabwerera kukhala madambo.

Poopa Amatebele ndi adani a m'kati, Lewanika anapangana ndi Frank Lochner, mthenga wa kampani ya Cecil Rhodes, m'caka ca 1890. Anayesa kuti alikupangana ndi Mfumukazi Victoria, nadandaula pozindikira kuti si momwemo. Mu 1902 anaoloka nyanja kukaona kulongedwa ufumu kwa Edward VII ku London. Anakonda sukulu, nalola mwana wace Litia akhale Mkristu, koma mwini wace sanabatizidwe.

Mapangano otero anatsegulira Azungu khomo, ndipo macitidwe ao ndi mtsinje womwewo anaonekera bwino iye atafa kale. Kumunsi, pa Kariba, anautseka ndi khoma lalikuru limene linatha mu 1959. Magetsi anapezeka a migodi ndi mizinda. Koma Atonga ngati 57,000, amenenso ankabzala m'matope a cigumula, anasamutsidwa, ndi madzi amene anamiza minda yao sanaphwenso.

Lewanika anamwalira mu February 1916, nalowa m'malo mwace Litia, amene anachedwa Yeta III. Ndiye anamanga Limulunga, kumene Nalikwanda ikoceza masiku ano. Manda a Lewanika ali pa Nanikelako, pa citunda ca m'cigwa momwemo, ndipo m'nyengo ya cigumula owacezera afikako pa bwato.