Georg Ohm, Mphunzitsi Amene Anakanidwa

Anzanga, tonse amene tiphunzira za magetsi tidziwa dzina la Ohm, pakuti tikomana nalo m'masamu kawirikawiri. Koma ndi angati adziwa kuti mwini dzinalo anali mphunzitsi wa sekondale monga aphunzitsi athu omwewa, ndi kuti anasauka nalo lamulo lomwelo limene tiloweza lero?

Georg Simon Ohm anabadwa pa 16 March, 1789, m'mzinda wa Erlangen ku Germany. Atate ace anali wosula maloko ndi makiyi. Sanapite patali ndi sukulu, koma anadziphunzitsa okha masamu, nawaphunzitsanso ana ao. Mai ace anamwalira iye ali ndi zaka 10. M'caka ca 1805 mnyamatayo analowa sukulu ya ukacenjede ya Erlangen, koma anatayira nthawi ku magule ndi masewera. Atate ace anapsa mtima, namtumiza ku Switzerland kukagwira nchito ya uphunzitsi. Kumeneko anawerenga masamu payekha, ndipo atabwerera kwao anatsiriza maphunziro ace mu 1811.

Mu 1817 anapeza malo pa sukulu ina ku Cologne. Akaweruka m'kalasi ankayesa mawaya, ena aatali, ena aafupi, ena onenepa, ena opyapyala, ndi zipangizo zopanga yekha. Apa luso la manja la atate ace linamthandiza. Anapeza kuti waya ali yense akaniza magetsi, ndipo wautali ndi wopyapyala akaniza koposa. Anapezanso kuti mphamvu yokankha magetsi ikawirikiza kawiri, magetsi oyenda m'waya yemweyo awirikizanso kawiri.

Tiyeni tiyese ndi ketulo ya m'nyumba ina ku Area 12. Magetsi a m'nyumba zathu akankha ndi ma volt 230. Tinene kuti ketuloyo ikoka ma ampere 10. Tikagawa 230 ndi 10 tipeza 23: kumeneko ndiko kukaniza kwace, ma ohm 23. Tikacurukitsa 230 ndi 10 tipeza 2,300: imeneyo ndiyo mphamvu imene ketulo idya, ma watt 2,300. Munthu wodziwa masamu awa salumikiza ketulo ku waya wopyapyala, cifukwa wayayo atentha, ndipo nyumba ingapse.

Ohm anasindikiza buku la zimene anapezazi ku Berlin mu 1827, namayembekeza kuti adzampatsa mpando pa sukulu ya ukacenjede. Koma akuluakulu ambiri a maphunziro kwao sanalilabadire, ndipo ena analinyoza. Pokhumudwa anasiya nchito yace ya ku Cologne, nakhala ku Berlin zaka zingapo akuphunzitsa pa malipiro ocepa, kufikira 1833 pamene anamlemba pa sukulu ya zaumisiri ku Nuremberg.

Ulemu unayambira kunja. Mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linampatsa mendulo ya Copley. Mpando umene anaulakalaka moyo wace wonse anaupeza ku Munich mu 1852, koma anakhalapo zaka ziwiri zokha, namwalira pa 6 July, 1854. Mu 1881 akatswiri osonkhana ku Paris anatsimikiza kuti muyeso wa kukaniza kwa waya uzichedwa ohm.

Tsono mnzanga, samu ya magetsi ikakukanika pa bolodi, usataye coko msanga. Mwini lamulolo anadikira zaka 14 kuti amvomereze.