Tomo Nyirenda, Mwana Lesa wa ku Ulala

Mzinda wa Kabwe, umene unadziwika ndi dzina la Broken Hill kufikira caka ca 1966, unayamba ndi mgodi. M'caka ca 1902 mzungu wina, T. G. Davey, anapezapo miyala ya mtobvu ndi zinki, ndipo njanji yocokera kumwera inafikapo m'caka ca 1906. Kuyambira pamenepo amuna a mitundu yambiri anakhamukira komweko kukafuna ndalama ya msonkho, ndipo pakati pao panali ambiri a ku Nyasaland odziwa kuwerenga ndi kulemba. Mmodzi wa iwo anali Tomo Nyirenda. Mbiri yace siiri yokondweretsa, ndipo ena adzadabwa kuipeza pamalo pamene pamasimbidwa za atumiki okhulupirika. Koma ngakhale Buku Lopatulika silinabise mbiri ya mfumu Sauli kapena ya Yudase.

Nyirenda anabadwira kumpoto kwa Nyasaland, naphunzira pa sukulu za Misyoni ya Livingstonia m'masiku a Dr. Robert Laws. Cotero sanali munthu wosadziwa Malembo. Anawawerenga ndi maso ace, namva ciphunzitso coona. Atakula anapita ku ulendo monga anzace, nagwira nchito ya ukhukhi ku Broken Hill.

Nyengo imeneyo inali yosokoneza mitima. Nkhondo ya 1914 inatenga amuna ambiri kukasenza mitengatenga, ndipo ena sanabwerenso. Itangotha nkhondo, m'caka ca 1918, kunagwa mliri wa fuluwenza umene unapulula anthu m'midzi ndi m'makomboni momwe. Anthu anafunsana kuti imfa zonsezi zicokera kuti, ndipo yankho limene makolo anawasiyira linali limodzi: ufiti. Koma Boma linali litaletsa mwabvi, ndi kuletsanso kuloza munthu cala kuti ndi mfiti; tsono ambiri anaganiza kuti azungu acinjiriza mfiti, ndi kuti mafumu alandidwa mphamvu yoyeretsa midzi yao. Pa nthawi yomweyo mabuku a Watch Tower ocokera ku America anali kuyenda m'manja mwa anthu a pa nchito. Elliot Kamwana anali atabatiza kale zikwi za Atonga m'zaka za 1908 ndi 1909, ndipo tsopano alaliki a Citawala anali kulengeza kuti zazikuru zidzaoneka m'caka ca 1925, ndi kuti wosabatizidwa msanga adzatayika.

Kumayambiriro kwa caka comweco Nyirenda anabatizidwa ndi mlaliki wa Citawala, Gabriel Phiri, ndipo posacedwa iye yemwe anayamba kulalikira ndi kubatiza. Apa ndipo anapatuka poyamba. Sanakhale m'kalasi, sanayesedwe, ndipo panalibe mkulu kapena msonkhano wa abale womtuma kapena womfunsa za nchito yace. Boma linammanga kanthawi, nilimmasula, ndipo kumasulidwako kunangoonjezera mbiri yace pamaso pa anthu.

Anakalowa m'dziko la Alala, m'boma la Mkushi, kum'mawa kwa Broken Hill. Kumeneko makamu anadza kwa iye kumtsinje. Ciphunzitso cace poyamba cinali ndi zina zabwino: anauza anthu kuti aleke ndeu ndi kuba, alandire alendo, ataye nyanga ndi zithumwa zao. Koma anthuwo anali ndi ludzu la cinthu cina. Anafuna munthu wowaonetsa mfiti. Ndipo kunamveka kuti ubatizo wa Nyirenda uli ndi mphamvu yotero, kuti munthu amene thupi lace silimira lonse m'madzi, ameneyo ndiye mfiti. Motero cizindikiro ca kukhululukidwa kwa macimo cinasanduka mwabvi watsopano. Nyirenda anadziwa bwino lomwe kuti ubatizo suli wotero. Anali atawerenga za Yohane pa Yordano ndi za Filipo ndi mdindo wa ku Aitiopiya. Akadakana tsiku lomwelo, khamu likadamcepera, koma manja ace akadakhala oyera. Iye anasankha khamu.

Pamenepo inamuitana mfumu ya Alala, Shaiwila. Mfumuyo inali ndi mantha ace ndi adani ace, ndipo siinakhutire ndi kuloza kokha. Inafuna kuti olozedwawo acotsedwe. Mlendo wopanda mbale m'dzikomo, woitanidwa ndi mfumu, wotamandidwa ndi anthu, anaima pamphambano yoopsa. Nkosabvuta kwa munthu wokhala pamtendere kunena kuti iye akadakana. Komatu njira siinabisike. Lamulo lacisanu ndi cimodzi Nyirenda analiloweza ali mwana wa sukulu. Fanizo la namsongole, m'mutu 13 wa Mateyu, limaletsa anchito kuzula nthawi yokolola isanafike, kuopa kuti angazule ndi tirigu yemwe. Ngakhale mabuku a ku America aja, ndi zolakwa zao zonse, sanalamulire kupha munthu, ndipo eni ace anamkana Nyirenda pambuyo pace. Cimene cinasowa sicinali kuunika ai, koma mtima womvera kuunika kumene anali nako kale, ndi mbale mmodzi wolimba mtima womgwira dzanja. Anabvomera, ndipo anthu anayamba kumizidwa m'madzi kufikira kufa, ambiri a iwo okalamba osatha kudziteteza.

M'masiku amenewo analandiranso dzina lakuti Mwana Lesa, ndilo kunena Mwana wa Mulungu m'cinenero ca Alala. Paulo ndi Barnaba, pamene anthu a ku Lustra anafuna kuwapembedza ngati milungu, anang'amba zobvala zao. Nyirenda analola dzinalo likhale.

Zotsalazo zinathamanga ngati moto wa lupsa. Pakati pa caka ca 1925 anaoloka malire nalowa m'dziko la Katanga, m'Congo ya Abelgi, kumene mafumu ena anamuitana ndi colinga comweco. Kumeneko anaphedwa anthu oposa 100 m'miyezi yowerengeka. Wina analoza mbale wace, wina anapereka mai wace, poyesa kuti atatero imfa idzacoka pamudzi. Boma la Abelgi litamva linatuma asilikari, ndipo Nyirenda anathawira ku Northern Rhodesia. Anthu amene anamyimbira nyimbo dzana anayamba kumuopa ndi kumthawa, ndipo caka cisanathe anagwidwa. Omgwirawo anammanga ndi zingwe zolimba kotero kuti manja ace anaola, ndipo madokotala anawadula onse awiri.

Anabwera naye ku Broken Hill, kumzinda kumene anafika kale ngati mnyamata wofuna nchito, ndipo mlandu wace unazengedwa komweko. Iye ndi mfumu Shaiwila anapezeka olakwa pa mlandu wakupha, napacikidwa m'caka ca 1926. Kucokera pa ubatizo wace kufikira pa imfa yace panapita ngati caka cimodzi cokha.

Mantha a ufiti sanafe naye. Zisanathe zaka khumi, anyamata a Mcape ocokera ku Nyasaland anayendanso m'midzi ya Northern Rhodesia ndi magalasi ndi mabotolo a mankhwala, ndipo Akristu ambiri anafola pamzere kukamwa.